Achimwene a Canon, chokani pa Auto koma musathamangire pa M

Achimwene, mwati mwagula Canon yogwiritsidwapo kale ntchito ya lenzi ya 18-55mm, ndipo mukajambula kwaya m'tchalitchi kuno ku Dedza zithunzi zimatuluka zogwedera, pomwe panja nkhope za anthu zimada bii. Kamerayo ilibe vuto. Pa Auto imakusankhirani zonse, chonsecho siidziwa kuti inu mukufuna nkhope. Chokanipo, koma yambani ndi Av (inu mumasankha aperture, kamera n'kusankha shata) ndi Tv (inu mumasankha shata, kamera n'kusankha aperture), M (pamene mumasankha zonse nokha) adzabwera pambuyo. Anzathu a Nikon, pa zanu palembedwa A ndi S.

Kuwala kwa chithunzi kumadalira zinthu zitatu. Aperture ndi kabowo ka mu lenzi, ndipo nambala yake imayenda chafutambuyo: pa f/3.5 kabowoko n'kakakulu, pa f/16 n'kakang'ono. Shata ndi nthawi imene kamera imakhala yotsegula: 1/500 ya sekondi imaimitsa munthu wothamanga, 1/30 imagwira ngakhale kunjenjemera kwa manja anu. ISO mukaikweza chithunzi chimawala, koma chimabwera ndi timadontho ngati mchenga. Kuchoka pa f/4 kupita pa f/5.6, kenako 8, 11, 16, sitepe iliyonse mukudula kuwala ndi theka. Chimodzimodzi kuchoka pa 1/125 kupita pa 1/250. Kuchoka pa ISO 400 kupita pa 800 mukuwirikiza. Ndiye mukachotsa sitepe kumodzi, ibwezeni kwinako.

Za m'tchalitchi tsopano. Muli kuwala kochepa, ndiye Auto imatsitsa shata mpaka 1/30 kapena 1/15, pomwe kwaya ikuvina. N'chifukwa chake manja ndi mitu zikutuluka mbuu. Ikani pa Tv, shata 1/250, ISO 1600. Nambala ya f ikamaphethira, ikukuuzani kuti kuwala sikukukwana, kwezani ISO ifike 3200. Musaope timadontho tija. Chithunzi cha timadontho mwini wake amachilandira, koma chogwedera palibe angachikonze. Ngati anthu angoima, monga pa nthawi yovekana mphete, 1/125 imakwana ndipo ISO mukhoza kuitsitsa.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa pa lenzi yanuyo. Pa 18mm imatsegula mpaka f/3.5, koma mukakokera pa 55mm imathera pa f/5.6, ndiye kuti mwataya kuwala koposa theka. M'nyumba musamakokere, sunthani ndi miyendo. Imani mawindo ali kumbuyo kwanu kapena cham'mbali, kuti kuwala kugwere pankhope za oimba. Mukayang'anizana ndi windo, anthu asanduka zithunzithunzi. Fulashi ya pamwamba pa kamera imangofika mamita atatu kapena anayi: a mzere woyamba amanyezimira pachipumi, a kumbuyo amatsala mumdima. Ndipo ngati mwayatsidwa magetsi a machubu n'kuona kuti mtundu ukusinthasintha pa chithunzi chilichonse, tsikirani pa 1/100, chifukwa magetsi athu ndi a 50Hz ndipo machubuwo amaphethira mwachangu kuposa mmene diso lingaonere. Zikatero dikirani pamene oimba aima pang'ono m'nyimbo. Mukadzapeza ndalama, musagule kamera ina, gulani lenzi ya 50mm f/1.8. Imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa yanuyo pa 55mm.

Vuto la panja ndi lina. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kuyesa kuti kukhale kwapakatikati. Ikaona thambo lowala, khoma la laimu kapena diresi loyera la mkwatibwi, imaganiza kuti kwawalitsa, imadetsa chithunzi chonse, ndipo yoyamba kuvutika ndi nkhope ya khungu lathuli. Mankhwala ake ndi batani la +/-. Muli pa Av, lisindikizeni, mupotoze gudumu mpaka +2/3 kapena +1. Jambulani, muyang'ane. Nkhope ikaoneka bwino koma diresi layera mbee mpaka maluwa ake asowa, bwererani pang'ono pa +1/3. Mukamaonera chithunzi, sindikizani INFO kapena DISP: malo opsa, kutanthauza owala mopitirira muyeso, amaphethira, ndipo zimenezo n'zodalirika kuposa maso anu pa sikirini dzuwa likuswa mtengo. Mukamaliza bwezani pa 0, apo ayi zithunzi za mawa zonse zidzapsa. Batani lomweli ndilo la chifunga cha m'mawa mu June ndi July, phiri la Dedza litabisala: popanda +1 chifungacho chimatuluka chotuwa.

Komabe batani silingakonze dzuwa la pamutu. Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 2 koloko masana, maso amalowa mumthunzi ndipo anthu amatsinzina. Alowetseni pakhonde kapena pamthunzi wa nyumba, atembenukire kowala. Pewani mtengo wa masamba apatalipatali, umasiya mawanga pankhope. Pakasowa mthunzi, dzuwa likhale kumbuyo kwawo, inu mudzutse fulashi ija. Masana ndi pamene imagwira ntchito yabwino, kuchotsa mthunzi m'maso.

Manambala oyambira pa dzuwa lowala bwino: ISO 100, f/16, 1/125, zomwe n'chimodzimodzi ndi f/8 pa 1/500. Munthu mmodzi, kokerani pa 55mm, f/5.6, mumuchotse pakhoma mamita angapo kuti kumbuyo kufewe. Gulu la mizere iwiri kapena itatu, f/8, apo ayi a kumbuyo saoneka bwino. Sankhani kadontho kamodzi ka focus (kouza kamera pofunika kuoneka bwino), kapakati, mukaike padiso. Mukaisiyira kamera, imagwira chilichonse chili pafupi, ngakhale maikolofoni.

Ngoma ya ku Ntcheu, pamene amuna akuponda pansi ndi zishango m'manja, imafuna Tv pa 1/500 mpaka 1/1000, ndipo focus ikhale pa AI Servo kuti izitsata ovina. Gule Wamkulu musajambule musanapemphe kwa akuluakulu a pabwalo. Kumabwaloko kumakhala fumbi, choncho musamasule lenzi pamphepo. Fumbi likalowa mudzaona timadontho takuda pamalo amodzimodzi pa thambo, makamaka pa f/16. Nyengo yozizira batire imatha msanga, yapadera muziisunga m'thumba la malaya.

Lisanafike Lamulungu, khazikani munthu pakhonde, kamera pa Av, f/5.6, ISO 200. Mujambuleni katatu: pa -1, pa 0 ndi pa +1. Kenako pitani pa Tv, mwana azithamanga pabwalo, mujambule pa 1/30, 1/125 ndi 1/500. Zisanu ndi chimodzizo muzionere pa kompyuta kapena pa foni, ndipo mutitumizire pagulu pano limodzi ndi manambala ake kuti tikuuzeni pofunika kusintha.