Chitungwiza, tauni yomwe anamangira kugonako

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera imelo. Akuti azakhali awo anabadwira ku Zimbabwe ndipo amakhala ku Chitungwiza. Funso lawo nlakuti, kodi kumeneku ndi ku Harare komwe, nanga anthu amakhala bwanji?

Ayi mayi, si ku Harare, ngakhale popanda Harare tauniyi sikanakhalapo. Ili makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa likululo. Boma la azungu la Rhodesia linkafuna anthu akuda azigwira ntchito mu Salisbury (dzina lakale la Harare) masana, kukada azikagona kutali. Mu 1978 anaphatikiza malokeshoni atatu, St Mary's, Zengeza ndi Seke, nkukhala tauni imodzi. Dzinali amati linachokera ku Dungwiza, kwawo kwa Chaminuka, mlosi wotchuka wa Ashona. Achinyamata amangoti Chi-Town.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000, koma ntchito zambiri zikadali ku Harare. Ndiye mukafuna kuidziwa bwino Chitungwiza, kaimeni pa siteji ya Makoni 5 koloko mmawa. Kukadali mdima, makombi (maminibasi) ali ndondondo, anyamata oitanira, omwe kumeneko amati mahwindi, akukuwa mpaka mawu kusasa. Amayi anyamula madengu, abambo akuwodzera choimirira. Onsewo akukapanikizana mu Seke Road, madzulo nkubwereranso momwemo.

Chondiwawa ine ndi madzi. Tauni yaikulu chonchi imadalira madzi ochokera ku Harare, ndipo mipopi imatha masiku ili gwa. Pa mjigo mupeza zigubu zili pamzere eni ake atapita kukaphika, mwana mmodzi akulondera zonse. Kolera yoopsa ya mu 2008 ija inayambira konkuno. Mukapita kwa azakhali, musadabwe akakupatsani madzi osamba a m'kandowa kakang'ono, si umbombo.

Koma musaganize kuti nkosasangalatsa. Ku Chikwanha Loweruka utsi wa nyama yootcha umachita kuphimba msewu, ndipo ku Chitungwiza Arts Centre amisiri amasema miyala yomwe imagulidwa mpaka kunja. Aquatic Complex, malo osambirako omwe anamangira masewera a All-Africa Games a 1995, anasanduka bwalo la oimba. Alick Macheso akamaimba pamenepo amaponyamo Chichewa, poti naye ngwamagazi a kwathu, ngati zidzukulu zambiri za omwe anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi.

Adiresi ya azakhali ikakhala ya ku Seke, funsani chilembo chake, kaya Unit D kaya Unit L. Mukangoti "ku Seke" kondakitala adzakutsitsani polakwika.