Mwana Wanga Akufuna Kuphunzira za Asilikali a M'thupi Chifukwa cha BP ya Agogo Ake

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 4, amene amaperekeza agogo ake kukayezetsa BP mwezi uliwonse, akufuna kudzaphunzira za chitetezo cha m'thupi. Akufunsa ngati mwanayo sakusokoneza zinthu, popeza iwo amadziwa kuti BP ndi nkhani ya mtima ndi mchere.

Mayi, mwana wanu sanasokere. Maselo oyera a m'magazi, omwe ambiri timawatcha asilikali a m'thupi, amatenga nawo mbali pa kuwonongeka kumene kuthamanga kwa magazi kumabweretsa. Mu 2007, Tomasz Guzik ndi David Harrison, ali ku Emory University ku America, anapatsa mbewa mankhwala okweza BP otchedwa angiotensin II. Mbewa zopanda maselo a T, gulu lomwe mulinso ma CD4 amene timawamva kuchipatala, BP yake sinakwere kwambiri, koma atazibwezera maselowo inakwera. Maselowa amaunjikana m'mafuta okuta mitsempha komanso mu impso, n'kumatulutsa timadzi toyambitsa kutupa monga IL-17. Zikatero mitsempha imauma, impso zimasunga mchere wambiri, ndipo BP imakwereranso. Mu 2014, Annet Kirabo, wochokera ku Uganda, anasonyeza ku yunivesite ya Vanderbilt ku America mmene mapuloteni owonongeka amautsira maselowa kuti aziukira thupi lawo lomwe.

Chimene ndikupempha n'chakuti mwanayo alimbikire Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi pa MSCE, makamaka Chemistry, chifukwa ana ambiri okonda Biology amagwa mphwayi pamenepo, pomwe nkhani yonseyi yagona pa mapuloteni ndi mchere. Angafunsire malo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ku yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo, koma awerenge yekha zofunika pa kosi iliyonse chaka chimene akufunsira. Adziwenso kuti wofufuza amakhala nthawi yaitali mu labotale akuwerenga maselo, ndipo kawirikawiri amafunika digiri yachiwiri ndi yachitatu. Ngati mtima wake uli pa kugwira wodwala dzanja, udokotala kapena unamwino ungamuyenere bwino.

Za agogo, apitirize kumwa mankhwala awo ndi kuchepetsa mchere m'ndiwo, pakuti zambiri mwa zimenezi zapezeka pa mbewa ndipo sizinalowe m'malo mwa mankhwala a BP. Mwanayo azilemba manambala onse awiri a BP m'kabuku ulendo uliwonse, n'kumafunsa anamwino tanthauzo lake.