Kwa mtsikana wa m'kwaya amene akufuna kukaphunzira kuimba ku conservatoire

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wa zaka 19 wa ku Zomba, amene wakhala akuimba soprano m'kwaya ya kumpingo kwawo kuyambira ali Sitandade 6. Anakhoza bwino mayeso a MSCE, anthu amamuuza kuti ali ndi mawu osowa, ndipo mtima wake uli pa nyimbo za opera, zisudzo zimene mawu ake amachita kuimbidwa. Sol-fa amawerenga mosavutika, koma manoti olembedwa pa mizere isanu sawadziwa, sanakhalepo ndi mphunzitsi wa mawu wakewake, ndipo makolo ake akumufunsa kuti akadzamaliza maphunziro otere adzadya chiyani. Funso lake ndi lakuti afunsire malo chaka chino ku sukulu yapamwamba ya zoimbaimba, imene kunja amaitcha conservatoire, ndipo ngati ndi choncho afunsire kuti. Wandilola kuti ndimuyankhe pano osatchula dzina lake.

Achemwali, chaka chino musafunsire malo. Sindikunena izi chifukwa chokayikira mawu anu, koma chifukwa sukulu zimenezi siziyambitsa munthu kuimba; zimalandira munthu amene wakonzeka kale n'kumusula kwa zaka zinayi. Dzina lakuti conservatoire linachokera ku Italy, kumene m'zaka za m'ma 1500 mzinda wa Naples unali ndi nyumba zosungiramo ana amasiye zimene zinkawaphunzitsanso nyimbo kuyambira ali aang'ono. Kuchokera pamene sukulu ya ku Paris inakhazikitsidwa mu 1795, ndi pambuyo pake Royal Academy of Music ya ku London mu 1822 ndi Royal College of Music mu 1882, zinthu zinasintha, ndipo lero wolowa pakhomo amayenera kukhala atafika kale pa mlingo wa Giredi 8 ya mayeso a ABRSM kapena a Trinity College London, mabungwe a ku Britain oyesa mayeso a nyimbo, ngakhale pepala lake alibe. Zaka ziwiri zimene zili kutsogolo kwanuzi, muli kwanu komweko, ndizo zidzagamule ngati mudzalowe, ndipo zidzagamulanso ngati mudzapindule mutalowa.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine, chifukwa ndinachokera m'kwaya ngati inu. Ulendo wanga woyamba woyesedwa pa sukulu ina ya kunja, imene sindiitchula, ndinaimba nyimbo zanga zitatu pamtima, ndipo aphunzitsi atatu amene anakhala kuseri kwa tebulo anaoneka okhutira. Kenaka mmodzi wa iwo anandipatsa kapepala ka mizere iwiri yokha ya manoti, woimba piyano anagunda noti imodzi, ndipo anandiuza kuti ndili ndi theka la mphindi loyang'ana ndisanayambe. Ndinaona timadontho takuda pa mizere, ndinadziwa kuti tina tikukwera tina tikutsika, koma doh sindinamupeze. Ndinaima pamenepo pepala likunjenjemera m'manja mpaka mayi wina wachikulire mwa atatuwo anati, mofatsa ndithu, mawu ndili nawo koma sindingathe kutsatira kalasi iliyonse ya chaka choyamba, choncho ndibwerere ndikaphunzire kuwerenga. Ndalama ya ulendo ndi ya mayeso inapita yonse, ndipo inali ndalama imene abale anachita kusonkha. Sindikufuna kuti zimenezi zikuchitikireni.

Komabe musaione sol-fa ngati chinthu chochititsa manyazi. Njira imeneyi anaiyamba mayi Sarah Glover wa ku Norwich, m'busa John Curwen anaifalitsa ku England kuyambira m'ma 1840, ndipo amishonale ndiwo anaifikitsa m'matchalitchi athu. Munthu amene wakulira m'menemo amamva m'mutu mwake mtunda wa pakati pa doh ndi soh asanatsegule pakamwa, pamene ophunzira ena amene anayambira pa piyano amavutika nazo zimenezi. Chimene chikusowa kwa inu ndi mlatho wokha: kudziwa kuti pa mizere isanu doh amasamuka malinga ndi zizindikiro zolembedwa kumayambiriro kwa mzere, ndi kuzolowera kutalika kwa noti iliyonse mwa kaonekedwe kake m'malo mwa madontho ndi timizere ta sol-fa. Tengani buku la nyimbo za m'tchalitchi lokhala ndi manoti, sankhani nyimbo imene mukuidziwa kale, lembani sol-fa ndi pensulo pansi pa noti iliyonse, ndipo pakapita masabata angapo yambani kufufuta. Mukamachita mphindi 20 tsiku ndi tsiku, pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi mudzakhala mukuwerenga nyimbo zosavuta zimene simunazimvepo. Onjezerani kiyibodi ya kutchalitchi, ngakhale ndi zala ziwiri poyamba, chifukwa woimba amene sangathe kudziimbira yekha mzere wake pa piyano amadalira ena moyo wake wonse. Cholinga chanu m'chaka choyamba chikhale Giredi 5 ya chiphunzitso cha nyimbo, imene ABRSM masiku ano imalembetsa pa intaneti.

Nkhani ya mawu enieniwo ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo pano ndichedwapo. M'makwaya athu soprano wabwino amamuyeza ndi mphamvu: amene akumveka pamwamba pa onse, panja, popanda maikolofoni, ndiye amene amatamandidwa. Timachezera pa maliro usiku wonse kunja kukuzizira, m'mawa mwake tikuimba ku manda m'fumbi, Lamlungu tili pa mpikisano. Mawu amatuluka pa timinofu tiwiri tating'ono tapakhosi, totalika pafupifupi ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo tikamawombana mwamphamvu kwa nthawi yaitali timatupa, kenaka timamera timatuza tolimba, mawu n'kuyamba kusasa ndipo manoti apamwamba n'kusowa. Woimba opera amamveka pamwamba pa gulu la zoimbira m'holo yaikulu popanda maikolofoni, koma sachita kukuwa. Mpweya amauchirikiza ndi minofu ya m'nthiti ndi m'mimba, khosi lili lomasuka, ndipo mawu amakulira m'mphako za m'kamwa ndi kummero. Zimenezi munthu sangaziphunzire pa YouTube, chifukwa mmene mumadzimvera inu mukamaimba si mmene akumverani amene ali patsogolo panu. Mphunzitsi wanga woyamba atandilandira, anatha mwezi wathunthu osandilola kumaliza mzere umodzi wa nyimbo. Ndikangokoka mpweya mapewa n'kukwera, iye ankakweza dzanja, n'kundiuza kuti ndigwire nthiti zanga zam'munsi ndi manja onse awiri, ndipumenso mpaka ndimve zikutambasukira m'mbali. Ndinkabwerera kunyumba ndili wokhumudwa, koma ndi mwezi umenewo umene unapulumutsa mawu anga.

N'chifukwa chake ndikuti choyamba pezani mphunzitsi, ngakhale wokumana naye kawiri pa mwezi. Muli ndi mwayi kuti mukukhala ku Zomba, kumene Yunivesite ya Malawi, imene tonse tinaizolowera ndi dzina la Chancellor College, imaphunzitsa nyimbo pamodzi ndi zisudzo ndi zojambulajambula. Pitani mukadzionetse, mupemphe kuti wina akumvereni, ndipo ngati mapointi anu akulola, ganizirani zochita digiri yanu yoyamba pomwepo. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy, imene imatsamira kwambiri ku nyimbo za bandi ndi zachikhalidwe, koma kuwerenga manoti ndi kuphunzitsa khutu zimene mungapeze kumeneko ndi zomwezo zimene zikufunika. Musaope kuti mukuchedwa. Woimba vayolini amene sanayambe ali mwana amakhala atatsalira kwambiri, koma mawu a munthu amakhwima mochedwa, ndipo oimba opera ambiri amafika pachimake atapitirira zaka 30. Ambiri amalowa conservatoire kukachita digiri yachiwiri, ya zaka ziwiri, atamaliza yoyamba kwawo, ndipo thandizo la ndalama limapezeka mosavutirapo pa mlingo umenewo.

Mwafunsa kuti mufunsire kuti, ndipo ndaona kuti maso anu ali ku London. Ine ndikuti yang'anani kaye ku Cape Town. South African College of Music, imene inayamba mu 1910 ndipo ili pansi pa University of Cape Town, yatulutsa oimba opera ambiri amene anachokera m'makwaya a kusukulu ndi kutchalitchi ngati inu, ndipo aphunzitsi ake amawadziwa mawu otere ndi zizolowezi zake. Pretty Yende, wobadwira ku Piet Retief mu 1985, anamva opera koyamba ali ndi zaka 16 pa kanema wotsatsa malonda, anaphunzira ku Cape Town, anapambana mpikisano wa Belvedere ku Vienna mu 2009, anapitiriza maphunziro pa sukulu ya La Scala ku Milan, ndipo mu 2013 anaimba koyamba ku Metropolitan Opera ku New York. Ndi yemwe uja anaimba pa mwambo wolonga Mfumu Charles III mu 2023. Pumeza Matshikiza naye anadzera ku Cape Town asanapite ku Royal College of Music. Chimene ndikufuna muone pa awiriwa ndi ndondomeko ya masitepe awo: Ulaya anabwera pambuyo, maziko atamangidwa kale pafupi ndi kwawo.

Tsiku limene mudzasankhe sukulu, dzina la sukulu lisakunyengeni. Pa zonse zimene mudzalipire, chamtengo wapatali ndi ola limodzi kapena ola ndi theka pa sabata limene mudzakhale awiriwiri ndi mphunzitsi wanu wa mawu. Zina zonse, monga makalasi a Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa, mbiri ya nyimbo, kuphunzitsa khutu, kusewera pa siteji ndi kwaya ya sukulu, n'zofunika ndithu, koma zimafanana pafupifupi kulikonse. Mphunzitsi wosayenerana ndi mawu anu pa sukulu yotchuka angakuwonongeni, pamene woyenerana nanu pa sukulu yosatchuka angakufikitseni patali. Aphunzitsi ambiri amalola phunziro limodzi loyeserera, ngakhale pa intaneti, munthu asanafunsire malo. Lembani kalata yaulemu, tumizani kanema wa nyimbo imodzi, ndipo mvetserani ngati zimene akukuuzani zikumasula khosi lanu kapena zikulimanga.

Za ndalama ndinena mosabisa. Ku London fizi ya wophunzira wochokera kunja imapitirira mapaundi 20,000 pa chaka, osawerengera nyumba ndi chakudya, ndipo sikolashipu zambiri zimangochotsako gawo. Sukulu zambiri za ku Britain zimalandira mafomu kudzera ku UCAS Conservatoires, bungwe lolandira mafomu a sukulu zimenezi, limene limatseka kumayambiriro kwa Okutobala, mayeso oimba n'kuchitika cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo mayeso a sukulu iliyonse ali ndi ndalama yakeyake yosabwezedwa. Viza ya wophunzira imalola ganyu ya maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, koma siilola kudzilemba ntchito wekha kapena kuimba kolipidwa kunja kwa maphunziro, choncho musawerengere kuti mudzadzilipirira poimba m'maukwati. Ku Germany sukulu zambiri za boma sizilipiritsa fizi yaikulu, koma zimafuna Chijeremani ndipo opikisana amachokera dziko lonse lapansi. Curtis Institute ya ku Philadelphia salipiritsa fizi aliyense amene yamulandira, ndipo pachifukwa chomwecho imalandira ochepa zedi.

Funso la makolo anu ndi lanzeru, ndipo musawayankhe mokwiya. Mwa anthu amene ndinaphunzira nawo, amene amadya ndi kuimba okha patsogolo pa siteji ndi owerengeka. Enafe timalumikiza ntchito zingapo: kuimba m'kwaya ya kampani ya opera, kuphunzitsa ana payekhapayekha ndi m'sukulu, kutsogolera makwaya, kujambula m'situdiyo, kuimba pa miyambo ya tchalitchi. Moyo wotere umafuna munthu wodziwa kuwerenga kontirakiti asanasayine, wosunga kaundula wa ndalama zolowa ndi zotuluka, wofika nthawi yake nyimbo ataiphunzira kale, chifukwa otsogolera amaitananso munthu amene sanawavutitse. Mukadzabwerera kumudzi, kumene kulibe kampani ya opera yolemba anthu ntchito, mudzadalira kuphunzitsa ndi kukonza nokha makonsati, ndipo nyimbo zimene mudzapeke kapena kujambula mudzazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso ku Malawi. Mudzabwerenso ndi chinthu chimene chikusowa kwambiri kuno, ndicho mphunzitsi wa mawu wodziwa kuteteza makosi a ana a m'makwaya. Uzani bambo ndi mayi zonsezi monga zilili, pamodzi ndi ndondomeko ya zaka ziwiri yolembedwa pa pepala, yosonyeza chimene mudzachite ngati thandizo la ndalama silipezeka.

Pa mayeso adzafuna nyimbo zitatu zosiyana mtundu, zoimba pamtima, kawirikawiri imodzi ya Chitaliyana, ina ya Chingerezi ndi ina ya Chijeremani kapena Chifalansa, ndipo ambiri ochokera kutali amaloledwa kutumiza kanema. Musasankhe nyimbo zazikulu zimene mumamva akatswiri akuimba. Nyimbo yaifupi ya Handel, ya Mozart kapena ya Schubert yoimbidwa moyera, mawu ake mukuwamvetsa liwu ndi liwu, imaonetsa zambiri kuposa nyimbo yolemera imene ikukupanikizani. Mwezi uno yambani ndi imodzi yokha ya Chitaliyana, chifukwa mavawelo ake ali pafupi kwambiri ndi a Chichewa ndipo lilime lanu silidzavutika. Muimasulire m'Chichewa m'kope lanu, muilankhule mokweza musanaiimbe, kenaka muijambule pa foni m'tchalitchi muli phee, foni ili pa mtunda wa masitepe anayi, thupi lonse likuoneka. Kanemayo munditumizire pa imelo yomweyi, ndipo mujambulenso nyimbo yomweyo pakatha miyezi itatu kuti tidzayerekeze ziwirizo.