Ayi achimwene, nsima musaisiye, ndipo madzi muzimwa

Imelo ya sabata ino yandikwiyitsa, koma osati kukwiyira amene walembayo ayi. Ndi mnyamata wolemera 82 kg, akufuna kukwera siteji koyamba pa mpikisano wa bodybuilding, sabaya jakisoni, samwa mapilisi, ndi wa natural. Kwatsala masabata 8 ndipo akuti six pack imangooneka pang'ono m'mawa asanadye. Mkulu wina ku jimu kwawo wamuuza kuti asiyiretu nsima, azingodya mazira owiritsa ndi kabichi, asiye zitsulo zolemera azingopanga ma reps (kubwereza kunyamula) ambirimbiri kuti minofu "idulike", azithamanga m'mawa ndi madzulo, kenako masiku awiri omaliza asamwe madzi. Akufunsa ngati atsatire.

Musatsatire achimwene. Koma ndiloleni ndilankhule kaye, chifukwa mkulu ameneyo ndimamudziwa, ngakhale sindinamuonepo. Jimu iliyonse ili naye wake.

Ine zitsulo ndinayambira kuseri kwa nyumba ina ku Ndirande, uko madambelo ake anali simenti yothira m'zitini za penti, ma plate ake ma flywheel a galimoto zakufa, benchi la matabwa lomwe ukagonapo limalira ngati lithyoka nawe. Palibe amene ankadziwa kuti chitsulo chakuti chikulemera zingati, tinkangoti "chachikulu chija" ndi "chaching'ono chija". Ndipo malamulo ake anali amodzi, amene ali ndi mkono waukulu ndiye kochi. Akanena kuti kumwa madzi uku ukunyamula kumatupitsa mimba, aliyense ankakhala ndi ludzu mpaka kutuluka. Akanena kuti dzira laliwisi limamanga msanga kuposa lophika, anyamata ankameza uku akutsinzina. Palibe ankafunsa kuti mwazitenga kuti. Ndipo chinthu chimene sitinkachinena mokweza, koma tonse tinkachiona, nchoti ena mwa akuluakuluwo ankati akapita ku Joni n'kubwerako, pakangotha miyezi yochepa thupi lasinthiratu, mapewa atukuka, msana wadzaza ziphuphu, ukali wosayamba. Ukawafunsa ankati ndi phala la soya ndi kulimbikira basi. Phala la soya, eti.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Munthu amene akubaya ma steroid, mankhwala okulitsa minofu aja, akhoza kudya kabichi yekha, kuthamanga ngati wakuba, kusiya zolemera, minofu yake n'kukhalabe pomwepo chifukwa mankhwalawo akuigwira. Inu mulibe chokugwirirani. Thupi lanu likaona kuti chakudya chachepa kwambiri ndipo zitsulo zolemera zija zasiya kubwera, limangoganiza kuti minofu yonseyi ndi katundu wopanda ntchito amene akungodya, ndiye limayamba kuiphwasula. Malangizo a munthu wa jakisoni akapatsidwa kwa munthu wa natural ndi chiphe, ndipo ndikunena mosapsatira, kochi amene amabisa zoti iye amabaya koma n'kumapereka diet yake kwa ana a eni ndi wabodza, kaya amapemphera kaya amakukondani bwanji.

Za nsimazi zimandipweteka mwapadera chifukwa ndinaziona m'nyumba mwathu. Nthawi imene ndinkakonzekera mpikisano wanga woyamba ndinkakhala ndi amayi, ndipo nsima sindinasiye, ndinangochepetsa, mtanda umodzi masana umodzi usiku, ndiwo zopanda mafuta ambiri. Koma ngakhale zimenezo zinali nkhondo. Amayi ankaika mitanda itatu m'mbale ngati kale, ine n'kubweza iwiri, iwo n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana. Masaya atayamba kulowa, mitsempha itayamba kutuluka m'manja, anthu a m'dera anayamba kunong'onezana, mukudziwa kale zimene amanena kwathu kuno munthu akamaonda mwachangu. Azakhali anga anandiitanira kumbali pa maliro ena, atandiona ndikukana kuwonjezera nsima ndi nyemba, n'kundigwira dzanja mwachikondi ndithu n'kunena kuti "mwana wanga usachite manyazi, ukayezetse, masiku ano mankhwala alipo anthu akukhala." Ndinayesa kuwafotokozera kuti ndikuchita dala, kuti ndikufuna ndikaime pa siteji nditavala kabudula wamkati, nditadzola zonyezimira, anthu azindiyang'ana minofu. Pamenepo mpomwe anada nkhawa zenizeni.

Ndipo sindiwadzudzula. M'dziko limene anthu amaidziwa njala ya Januwale ndi Febuluwale, limene akuluakulu amakumbukabe 2002, munthu wokhala ndi ufa m'nyumba n'kumadzimana dala amaoneka ngati mutu sukuyenda. Konzekerani zimenezo achimwene, palibe kochi adzakuuzeni. Mudzayenda ndi kontena ya chakudya chanu mu minibasi, mudzakana Fanta pa ukwati, chibwenzi chanu chidzatopa nanu, anzanu akamapita kukadya kanyenya ndi chips adzasiya kukuitanani.

Njala yake si yamasewera. Ku America mu 1944 mpaka 1945, wasayansi Ancel Keys wa ku University of Minnesota anatenga amuna 36 athanzi amene anadzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya pafupifupi ndi theka kwa masabata 24, kuti aone zimene njala ya nkhondo imachita pa munthu. Anataya pafupifupi 25 peresenti ya kulemera kwawo. Koma zimene zimandikhudza ine si kuondako. Amunawo anayamba kutolera mabuku a kaphikidwe n'kumawawerenga usiku, ankamva kuzizira nthawi zonse, ankapsa mtima ndi zazing'ono, chilakolako cha akazi chinatheratu, ndipo atawamasula ambiri ankadya osakhuta, mimba yadzaza koma mtima ukufunabe. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha chifukwa ndinadziona ine, usiku pa foni ndikuonera mavidiyo a anthu akukazinga mandasi. Munthu wa natural akamatsikira ku mafuta a m'thupi a 5 kapena 6 peresenti, kumene amuna amafika pa siteji, testosterone yake, homoni yachimuna, imatsika kwambiri, tulo timavuta, ndipo zimatenga miyezi kuti zibwerere mpikisano ukatha. Izi zimachitika ngakhale ukuchita zonse mwadongosolo. Ndiye tangoganizani mukazichita mothamanga, pa mazira ndi kabichi.

Za madzi ndiye ndisachite kunyengerera. Minofu yokhayo pafupifupi 75 peresenti ndi madzi. Nsima, mpunga ndi mbatata zimene mumadya zimasungidwa m'minofu ngati glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imakoka madzi pafupifupi magalamu atatu n'kulowa nawo mkati. N'zimene zimapangitsa minofu kuoneka yodzaza, yolimba. Mukachotsa nsima n'kuchotsanso madzi mumakwera siteji ngati tayala la kabaza lophwa, mukafinya palibe chikutuluka, kenako mwendo n'kukokana pakati pa pose anthu akuonerera. Ndinaonapo mnyamata kuseri kwa siteji atagona pansi, milomo itauma gwa, akulira ndi kukokana kwa m'mimba, anzake akumuthira madzi kumaso koma akumuletsabe kumwa poti "awononga condition". Anakwera ndithu, sanapambane kanthu, ndipo anachita kumunyamula potsika. Iyeyo anali ndi mwayi. Mohammed Benaziza, katswiri weniweni wa dziko lonse, anamwalira mu 1992 ku Netherlands patangopita maola ochepa atapikisana, nkhani yake inali yomweyi yofinya madzi m'thupi ndi mankhwala okodzetsa. Madzi ndi mchere wa m'magazi zikasokonekera, mtima umangoima, sufunsa kuti mwatsala pang'ono kulandira chikho. Ndipo mapilisi okodzetsa aja ali pa mndandanda wa zoletsedwa wa WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, ndiye wina akakupatsani kuti "awa si ma steroid, ndi a madzi chabe", dziwani kuti u-natural wanu wathera pomwepo.

Mwa njira, funsani okonza mpikisano wanuwo kuti natural akutanthauza chiyani. Bungwe la mipikisano ya a natural ngati WNBF limafuna munthu akhale zaka 10 osakhudza mankhwala oletsedwa, amakuyezani ndi makina ogwira bodza a polygraph, opambana amaperekanso mkodzo. Kuyeza n'kodula. Ngati kwanuko sayeza, ndiye kuti mawu oti natural angolembedwa pa poster, ndipo mukhoza kukaima pambali pa munthu wa jakisoni. Sindikuti musapite, ndikuti mupite mukudziwa, kuti mukagonja musabwere kunyumba n'kuyamba kuganiza zobaya nanunso.

Chimene mulibe ndi nthawi

Masamu ake ndi awa. Kuti minofu isapite limodzi ndi mafuta, munthu azitsika pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti ya kulemera kwake pa sabata. Pa 82 kg ndiye kuti magalamu 400 mpaka 800. M'masabata 8 mutaya makilo atatu mpaka sikisi, basi. Munthu amene six pack yake imabwera m'mawa n'kuthawa masana nthawi zambiri amakhala ndi makilo 10 kapena kuposa oti achotse asanafike pa siteji, n'chifukwa chake a natural ambiri amatenga masabata 16 mpaka 24, ena kuposa pamenepo. Mkulu wanuyo akudziwa kuti nthawi yachepa, ndiye akufuna kuigula ndi minofu yanu imene mwaivutikira zaka. Ine ndikanakhala inu mpikisano uno ndikanapita ngati woonerera, ndi kope m'manja, n'kuyamba kukonzekera wotsatira modekha. Ndikudziwa kuti mwauza kale anthu, mwina mwaika kale pa status. Fufutani, anthu amaiwala msanga.

Mbale yanu

Mapuloteni pafupifupi magalamu awiri pa kilo iliyonse ya thupi lanu, ndiye kwa inu 160 mpaka 180 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, ndiye pa diet ya mkulu uja mukanafunika mazira oposa 25 tsiku lililonse, pafupifupi thireyi yathunthu, kaya ndalama zake mukanazitenga kuti. Chimene chinandipulumutsa ine ndi usipa wouma ndi ma soya pieces, zonsezi pafupifupi theka la kulemera kwake zikakhala zouma ndi mapuloteni, ndipo sizikuthyola thumba ngati chidale cha nkhuku, chimene chili ndi magalamu 30 pa 100 chikaphikidwa. Onjezani mazira atatu kapena anayi, chambiko, nyemba, nkhuku tsiku limene mwalandira. Mdani weniweni ali m'botolo la mafuta ophikira, supuni imodzi yaikulu ndi makalori pafupifupi 120 ndipo kwathu kuno sitiyeza, timangopendeketsa botolo mpaka tomato asambire. Winanso ndi mtedza, anyamata amautafuna tsiku lonse poti uli ndi mapuloteni, osadziwa kuti magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550. Nsinjiro mu ndiwo nazonso muziwerengera. Sobo, shuga wa mu tiyi, thobwa lotsekemera, mowa, zimenezo ndiye zichoke kaye nsima isanakhudzidwe n'komwe. Nsimayo ikhale ya mgaiwa ngati mungathe, imakhalitsa m'mimba, muziidya chakufupi ndi nthawi yonyamula, ndipo masamba, nkhwani, bonongwe, mpiru, dzazani mbale mmene mungafunire.

Ku zitsulo musasinthe kanthu. Zimene zinamanga minofu n'zomwe zimaisunga, squat, deadlift, bench, ma row, zolemera ndithu, ma reps 6 mpaka 12 pa zambiri. Mphamvu zikamachepa chotsani set imodzi kapena ziwiri koma kulemera kwa chitsulo kusiyeni pomwepo. Ma reps ambiri sajambula mizere pa minofu, mizere imaoneka mafuta apamwamba akachoka, ndipo amachoka chifukwa cha mbale. Kuthamanga kawiri pa tsiku kungokudyerani miyendo, yendani wapansi, tsikani minibasi masiteji awiri musanafike kwanu. Creatine monohydrate, ufa wothandiza mphamvu ya minofu, magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku, ndi yololedwa ndipo imagwira ntchito, ma fat burner a mabotolo owala aja asiyeni pa shelefu, ena amabisamo zinthu zoti zikhoza kukugwetsani pa mayeso. Muzigona maola 7 kapena 8. Posing muyambe pano, anthu amaiderera koma kufinya thupi lonse uku ukumwetulira kwa mphindi zingapo kumatopetsa kuposa leg day.

Sabata yomaliza musachite zachilendo, madzi ngati masiku onse, mchere ngati masiku onse, nsima kapena mpunga muonjezereko pang'ono masiku awiri omaliza. Mpikisano ukatha bwezerani chakudya mwadongosolo osati kukagona m'sitolo ya mandasi, ndipo ngati pena paliponse muyamba chizungulire, mtima kugunda modabwitsa kapena kukomoka, pitani kuchipatala, osati kwa kochi.

Dziyezeni m'mawa uliwonse mukachoka kuchimbudzi musanadye, pa sikelo imodzimodziyo, mutenge avereji ya sabata. Pakatha masabata awiri munditumizire manambalawo ndi zithunzi zitatu, kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo, zojambula panja osati pagalasi la ku jimu, tione ngati mtanda wachiwiri uja uchoke kapena ukhale.