Kodi ndisiye Chrome n'kupita ku Vivaldi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene akulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri. Akuti laputopu yake ili ndi RAM ya 4GB, ndipo pofika madzulo amakhala atatsegula ma tab pafupifupi 40, moti mayina ake saonekanso, kumangotsala tizizindikiro tothinana. Mnzake wamuuza za Vivaldi, browser yomwe munthu amaikonza mmene akufunira. Akufunsa ngati asamuke, komanso ngati makinawo apepukeko.

Achemwali, mafunso anuwa ndi awiri, ndipo mayankho ake sakulowera kumodzi.

Vivaldi inabadwa chifukwa cha kukhumudwa. Jon von Tetzchner, mmodzi mwa omwe anayambitsa browser ya Opera ku Norway, anachoka pakampaniyo mu 2011. Mu 2013 Opera inataya injini yake, Presto, n'kutenga ya Chromium, ndipo zinthu zambiri zimene anthu ankaikondera zinapita nawo. Von Tetzchner anasonkhanitsa anthu n'kupanga browser ina, Vivaldi, yomwe inaonekera koyamba mu 2015, n'kutuluka yathunthu mu 2016. N'chifukwa chake pamene ma browser ena amachotsa mabatani kuti aoneke oyera, iyi imawonjezera.

Pa vuto la ma tab, kunena zoona, ndi dolo. Mukakoka tab imodzi n'kuisanjika pa inzake, ziwirizo zimakhala mulu umodzi, ndipo muluwo mungaupatse dzina. Ine ma tab ndinawachotsa pamwamba n'kuwaika kumanzere, motsika ngati mndandanda, kotero dzina lililonse limawerengeka ngakhale achuluke. Masamba awiri mungawaike moyandikana pawindo limodzi, nkhani yomwe mukuwerenga mbali iyi, zomwe mukulemba mbali inayo. Chimene chingakusangalatseni kwambiri inu ofufuza ndi kabuku kake kolembamo: mumasankha ndime patsamba, kudina kumanja kwa mausi, n'kuitumiza ku Notes, ndipo imasungika limodzi ndi adiresi ya tsambalo. Amene anavutikapo usiku kusaka komwe anatenga chiganizo china akudziwa kuti apa pali phindu. Mukadina F2 n'kulemba mawu awiri atatu, tab yotayika ija imapezeka pompo. Kuyambira 2023 mulinso Workspaces, poti za sukulu zizikhala kwaokha, za ntchito kwaokha.

Koma za kupepuka kwa makina, musanamizidwe. Mkati mwa Vivaldi muli Chromium yemweyo wa mu Chrome, Edge ndi Brave. Galimoto asintha mipando ndi chiwongolero, injini ndi yomweyo, ndiye mafuta imamwa chimodzimodzi. Chinanso, mabatani ndi mamenyu akewo anawalemba ndi zipangizo zopangira masamba a pa intaneti, JavaScript ndi zinzake, zomwe nazo zimafuna malo mu RAM. Pa laputopu yanga yakale ndinkaona kuti potsegula windo latsopano imayamba yaganiza kaye. Mungagoneke ma tab omwe simukuwagwiritsa ntchito, inde, koma Chrome nayo ili ndi Memory Saver yochita zomwezo. Ngati laputopu yanu imalola, RAM ina ya 4GB ikuthandizani kuposa browser iliyonse.

Vuto lina silinenedwa kawirikawiri, ndipo ine linandigwira. Tsiku lomwe ndinaiika ndinali ndi ntchito yoti ndipereke m'mawa. Ndinati ndingosintha mtundu wa pamwambapa. Kenako ndinapeza kuti ndingasunthe mabatani, kenako kuti kugwedeza mausi kumanzere nditapanikiza batani lakumanja kumandibweza patsamba lam'mbuyo. Magetsi anazima, batire n'kutha, ndisanalembe ngakhale ndime imodzi, koma browser yokongola ngati mkwatibwi. Ndipo dzanja likazolowera, limakupusitsani kwina. Pa kompyuta ya ku ofesi ndinkangogwedeza mausi ngati wobwebweta, palibe chochitika, mnzanga wapambali akundiyang'ana modabwa.

Dziwaninso kuti kampaniyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi Google, ndipo opanga masamba ambiri sayesa ntchito yawo pa iyo. Masamba ena ankaikana dala akaona dzina lake, mpaka mu 2019 eni ake anaganiza zoti izidzitchula Chrome ikafika pakhomo. Zinathandiza, komabe tsamba la banki kapena la boma likayamba makani, mudzafuna browser ina pafupi. Khodi ya gawo la mabatani lija sinatsegulidwe kuti aliyense aitenge n'kuisintha ngati mmene ya Firefox ilili, ndipo eni ake a Vivaldi ndalama amazipeza pa mapangano ndi makampani osakira zinthu komanso ma bookmark omwe imabwera nawo. Amenewo mungawafufute tsiku loyamba, palibe adzakufunseni.

Pali ufulu wina umene Vivaldi singakupatseni. Google itasintha malamulo a ma extension (timapulogalamu towonjezera pa browser), zomwe amati Manifest V3, uBlock Origin yathunthu, extension yotsekera malonda, inasiya kugwira ntchito pa Chrome, ndipo browser iliyonse yomangidwa pa Chromium imakokedwera komweko. Vivaldi ili ndi chotsekera malonda chakechake, chomwe chimapulumutsako bandulo, koma amene akufuna uBlock Origin popanda nkhawa apite ku Firefox, yomwe injini yake, Gecko, ndi ina. Firefox nayo inabweretsa ma tab am'mbali mu 2025.

Ndikanakhala inu, achemwali, ndikanaiika osachotsa Chrome. Poyamba ikufunsani ngati mukufuna kutenga ma bookmark ndi ma password anu, muvomere. Musinthe zinthu zitatu zokha: ma tab apite kumanzere, chotsekera malonda chiyatsidwe, ndipo mutu uliwonse wa kafukufuku ukhale ndi mulu wake. Imelo, kalendala ndi mitundu, zomwe Vivaldi ilinso nazo, muzisiye kaye mpaka mutapereka chaputala chomwe mukulembacho. Pakatha masabata awiri mundilembere, mundiuze ma tab afika angati.