Munagula chipewa mu October, ndiye chavuta n'chiyani?

Achemwali ena okhala ku Toronto andilembera imelo. Akuti baseball anayamba kuionera mu October 2025, nthawi imene mzinda wonse unapenga ndi timu yawo ya Blue Jays. Anagula chipewa, anachezera pa TV masiku onse a World Series, fainolo ya baseball, analira nawo Dodgers ya ku Los Angeles itawina masewero omaliza. Tsopano kuntchito kwawo kuli mkulu wina amene sakuwapatsa mpata wopuma. Akuti iwo ndi sapota wongotsata gulu, wosadziwa ngakhale dzina la Joe Carter. Ndiye akufunsa kuti, achivule chipewacho? Ali ndi ufulu wonena kuti "tinaluza"?

Achemwali, mwandiputa dala. Nkhani imeneyi imandiyabwa kuyambira kalekale, ndiye mupirire, ndizungulira kaye ndisanakuyankheni.

Ine baseball sindinachite kuisankha. Nditafika ku South Bend ku Indiana, kumene Amalawi tachulukana moti umatha kumva Chichewa uli pamzere m'sitolo, ntchito yanga yoyamba inali ija ambiri a ife timayambira, yosamalira okalamba. M'nyumbamo munali agogo ena aamuna, mzungu wamtali, miyendo itafooka koma mutu ukugwira bwinobwino, amene moyo wawo wonse unali timu ya baseball ya Chicago Cubs. Masewero akayamba ankayatsa TV n'kuitsekera mawu, kenako n'kutsegula kawailesi kuti azimvera oulutsa masewero, Pat Hughes ndi Ron Santo. Santo ameneyu anali wosewera wakale wa Cubs, ndipo timu ikalakwitsa ankabuula pa wailesi pomwepo, agogowo n'kumabuula naye limodzi. Pamiyendo pawo pankakhala kabuku ka timabokosi ndi pensulo yothaitha, ndipo chilichonse chochitika m'bwalo ankachilemba ndi manambala ndi zilembo. Wina akaphonya katatu n'kutuluka, ankalemba K. Dzanja lawo linkanjenjemera, choncho tsiku lina anangondipatsira pensuloyo. "Lemba 6-3, mnyamata iwe." Ine n'kulemba, osadziwa kuti 6 ndi ndani, 3 ndi ndani. Patapita miyezi m'pamene ndinazindikira kuti malo alionse m'bwalo ali ndi nambala yake, ndipo 6-3 ndi mpira umene watoledwa pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu n'kuponyedwa ku base yoyamba womenya uja asanafikeko.

Timu yakeyo inali yomvetsa chisoni zaka zimenezo. Mu 2012 inaluza masewero 101 mwa 162. Ndipo agogowo ankakonda kundiwerengera zipsera zawo. Mu 1969 Cubs inali patsogolo kwambiri mwezi wa August, n'kudzapitiriridwa ndi New York Mets. Mu 1984 inawina masewero awiri oyamba ndi San Diego, kungotsala amodzi kuti ilowe World Series, n'kuluza atatu otsatizana. Mu 2003 kunangotsala kutulutsa anthu asanu kuti ilowe World Series, koma Marlins inamwetsa ma run (zigoli za baseball) 8 mu inning (chigawo cha masewero) imodzi, zonse n'kuthera pomwepo. Chikho chomaliza chinabwera mu 1908, iwo asanabadwe. Ankakamba zimenezi akuseka, koma pa 2003 mawu ankasintha.

Anamwalira 2016 isanafike. Usiku wa pa 2 November chaka chimenecho, ku Cleveland, Cubs inkatsogola, kenako Rajai Davis wa Cleveland anamenya home run, mpira wodumpha mpanda wa bwalo, zinthu n'kukhala 6-6, mvula n'kuimitsa masewero kwa mphindi 17, ndipo atabwereranso m'bwalo Cubs inawina 8-7 mu inning ya nambala 10. Zaka 108 zinathera pamenepo. Masiku amenewo anthu ankapita ku Wrigley Field, bwalo la Cubs, ndi choko, kukalemba pazipupa maina a makolo awo amene anafa akudikira. Ndikaganiza za anthu oyenera kutchedwa masapota enieni, ndimaganiza za agogo aja. Ndipo iwowo, amene anali ndi chifukwa chonse chondifunsira kuti ndachokera kuti ndipo ndayamba liti, sanandifunsepo n'kamodzi komwe. Ankangofuna wina woti akhale pampando wapambali.

Ondifunsa mafunso a mayeso ndinakumana nawo ku hockey, masewero a pa ayezi.

Mu 2013 Chicago Blackhawks inatenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha hockey, mwa njira yoti ngakhale munthu wosadziwa malamulo adzuke pampando: inkaluza 2-1 ku Boston masewero ali pafupi kutha, n'kugoletsa zigoli ziwiri m'masekondi 17. Ine ndinali nditayamba kale kuonerako pang'onopang'ono, ndipo chaka chimenecho ndinagula jezi yofiira ija. Tsiku lina ndaivala pa phwando la mnzanga, mnyamata wina wa ku Chicago, wocheperapo kwa ine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Mu 2004 unali kuti, pomwe ife timavutika?" Ndinamuuza kuti ndinali ku Ndirande, achimwene, ndipo ayezi tinkangomuona m'mafirizesi. Anthu anaseka, iye ayi. Anapitiriza kundifunsa maina a magoloboyi akale, ngati ndikufunsira ntchito.

Ndinapita kunyumba nditakwiya, ndipo mkwiyowo unandichititsa kuwerenga mbiri ya timuyo. Zimene ndinapeza ndi zimene zinandiumitsa mtima pa nkhani imeneyi mpaka lero. Mwini wake wa Blackhawks nthawi imeneyo, Bill Wirtz, ankakana kuti masewero a pakhomo azionetsedwa pa TV ku Chicago. Maganizo ake anali oti kutero n'kuwalakwira amene agula matikiti. Zotsatira zake, ana a mumzindawo anakula osaiona timu yawo ikusewera kwawo, mipando ya m'bwalo lawo la United Center inkakhala yopanda anthu, ndipo mu 2004 atolankhani a zamasewero a ESPN anaitchula kuti ndi timu yoyendetsedwa moipa kuposa ina iliyonse m'masewero akuluakulu a kumeneko. Wirtz anamwalira mu September 2007. Mwana wake Rocky atatenga udindo anabwezeretsa masewerowo pa TV, ndipo nyengo yomweyo Jonathan Toews ndi Patrick Kane anayamba kusewera. Mu 2010 chikho chinabwera, koyamba chichokereni 1961, kenako 2013, kenako 2015. Tsono ndiuzeni: munthu mungamunene bwanji kuti wabwera mochedwa pomwe chitseko chinali chokhoma ndi mwini nyumba? Anthu ochuluka amene ankanyozedwa kuti ndi ongotsata gulu anali ana a ku Chicago komweko amene anangopatsidwa mwayi woona timu yawo koyamba. Ndipo mnyamata uja, amene akuti ankavutika mu 2004, ndikukayika ngati ankapita n'komwe kubwalo. Mipando yopanda anthu ija inali ya ndani?

Apa m'pamene ndimapsera mtima. Kukhulupirika kumeneku amakufuna kwa ife okha osauka, ogula matikiti ndi majezi. Eni matimu sawafunsa. Anthu a ku Quebec City anaikonda timu yawo ya hockey ya Nordiques ikuluza zaka ndi zaka, timu itangoyamba kukhwima inasamutsidwira ku Denver mu 1995, n'kukatenga Stanley Cup chaka chotsatira ili ndi dzina lina, Colorado Avalanche. Ku Canada kwanuko, Montreal Expos ndi imene inali pamwamba pa matimu onse a baseball mu 1994 pamene sitalaka ya osewera inathetsa nyengo pakatikati. Akatswiri ake anagulitsidwa mmodzimmodzi, ndipo itatha nyengo ya 2004 timu inapita ku Washington. Ku Oakland, Athletics inakhalako kuyambira 1968, inatengerako World Series kanayi, masapota anafika povala malaya obiriwira olembedwa mawu opempha mwini wake John Fisher kuti aigulitse, koma itatha 2024 inanyamuka, ulendo wa ku Las Vegas. Anthu amenewo anakhulupirika kufikira tsiku lomaliza, anapindulanji? Ndiye wina aziima pakhomo n'kumafunsa mayi amene wagula chipewa ndi ndalama za thukuta lake kuti anayamba liti? Akafunse eni matimuwo kaye.

Ngakhale Cubs yanga yomweyi. Mu July 2021 anagulitsa Anthony Rizzo, Kris Bryant ndi Javier Báez m'masiku awiri okha, anyamata amene anathetsa chilala cha zaka 108. Palibe anatifunsa maganizo.

Komanso kukhulupirika kopanda malire kuli ndi vuto lake, ndipo inu a ku Toronto muli nacho chitsanzo pakhomo. Timu yanu ya hockey ya Maple Leafs sinatengenso Stanley Cup chichokereni 1967, koma bwalo limadzaza, matikiti ndi ena mwa odula kwambiri mu ligi yonse. Sindikunena kuti timu imaluza dala, ayi. Ndikungoti mwini bizinesi amene akudziwa kuti makasitomala abwera ndithu, zivute zitani, tulo take n'tosiyana ndi ta mnzake amene anthu amamuthawa akagulitsa zoola.

Ndipo ife Amalawi, tisanaloze aliyense chala, tidzifunse kuti matimu a ku England tinawapeza bwanji. Amalume anu a Liverpool anayamba m'zaka za m'ma 1980, Liverpool ikutenga chilichonse. Anzanga a msinkhu wanga ambiri ndi a Manchester United chifukwa cha 1999. A Arsenal ambiri anabadwa mu 2004, chaka chimene sinaluze mu ligi. A Chelsea anatulukira ndi Mourinho ndi Drogba, ndipo tinkawaseka m'mavidiyo sho kuti ndi a dzulodzulo. Lero ali ndi imvi, akadali a Chelsea, ndipo iwonso akuseka a Manchester City. Ndani wa ife anabadwira pafupi ndi Old Trafford? Tonse tinalowera pa chipambano. Za Maule ndi Manoma n'zina, zimenezo ambiri timazipeza m'nyumba, bambo atasankha kale. Koma munthu wofika kudziko la eni ali wamkulu alibe bambo womusiyira timu ya baseball. Amalowa pamene wamva phokoso, ndipo phokoso limamveka timu ikamawina.

Koma alipo amene sindiwamvetsa

Musaganize kuti ndikuvomereza zonse. Pali mtundu wa munthu amene mu 2015 anali ndi jezi ya Blackhawks, kenako ya Vegas Golden Knights, lero ya Florida Panthers, ndipo paliponse amalankhula mokweza kuposa eni ake. Ameneyo sindilimbana naye, koma sindikhalanso naye pafupi masewero akafika povuta, chifukwa iye sataya kanthu. Walira mvula walira matope. Ameneyu amafuna mvula yokha. Choipa kwambiri ndi bodza lija loti "ine ndinayamba kalekale," pomwe tonse tinamuona akugula jezi sabata ya fainolo. Kubwera mochedwa si mlandu. Kunama ndiye kumanyansa.

Ngakhale pamenepa ndimasamala. Ku United Center matikiti anatha masewero 535 otsatizana, mndandanda umenewo n'kuduka mu October 2021, ndipo ambiri anati taonani, ongotsata gulu aja athawa. Ena anathawadi chifukwa timu inali itayamba kuluza. Koma mwezi womwewo kunatuluka lipoti loonetsa kuti mu 2010 akuluakulu a timuyo anauzidwa kuti wosewera wina wachitidwa nkhanza zogonana ndi mmodzi wa aphunzitsi, iwo n'kukhala chete pofuna kuti nkhaniyo isasokoneze ulendo wa ku chikho. Ligi inawalipiritsa madola 2 miliyoni, ndipo bwana wamkulu Stan Bowman anatula pansi udindo. Ndikudziwa anthu amene anapinda majezi awo nthawi imeneyo osawavalanso. Amenewo sindingawatche osakhulupirika. Yanga inakhala m'sutikesi nthawi yaitali, ndipo ngakhale pano, ndikamaonera katswiri wachinyamata wa Blackhawks, Connor Bedard, akuyesetsa m'timu yogonjagonja, chikho cha 2010 sindichikamba monyadira ngati kale.

Ndatalikitsa, pepani achemwali.

Chipewacho musavule. "Tinaluza" muzinena, chifukwa amene anaona Miguel Rojas wa Dodgers akubweza mu inning ya nambala 9 ndi mnzake Will Smith akumaliza nkhani mu ya nambala 11, mtima n'kumuwawa mpaka m'mawa, waluza ndithu. Joe Carter ndi amene anamenya home run yopatsa Blue Jays chikho mu 1993 posewera ndi Philadelphia Phillies, chachiwiri motsatizana ndi cha 1992. Basi, mwamudziwa. Mkuluyo akadzafunsanso kuti munayamba liti, muuzeni zoona, October 2025, kenako mumufunse kuti iye anali kuti tsiku la Carter. Anthu otere nthawi zambiri amangofuna wowamvetsera, ndipo mudzatopa ndinu. Nyengo ikayamba, gulani tikiti yotchipa ya m'mwamba ku Rogers Centre, bwalo la Blue Jays, pakati pa sabata mu April kapena May, pomwe kulibe chikho chilichonse chikununkhira, mukaone ngati mungakhale mpaka pamapeto timu ikutsalira ndi ma run asanu. Mukaona kuti sizikukusangalatsani, palibe wakumangani, chipewa n'chotchingira dzuwa. Ndipo ngati mkuluyo alinso wa Maple Leafs, musamuyankhe zambiri, ali kale ndi mavuto ake.