Agogo adathawa Hitler, koma Germany yakana mdzukulu wawo

Mayi wina wa ku Malawi yemwe akukhala ku Johannesburg watilembera. Agogo aakazi a amuna awo adali Myuda wa ku Frankfurt, adathawira ku South Africa mu 1936 ndipo adakwatiwa ndi mzungu wa komweko mu 1938. Amunawo adapempha unzika wa Germany mu 2018 koma adakanidwa, ati agogowo "sadalandidwe unzika". Tsopano amalume a amunawo akuti zisiyeni, zidatha. Mayiwa akufunsa kuti zingatheke bwanji kuti munthu wothawa imfa auzidwe kuti sadalandidwe kanthu.

Mayi, kalata yokanayo mwina idali yolondola malinga ndi lamulo la nthawiyo, ngakhale kuti ikuwawa. Chomwe chidagwetsa pempholi ndi chaka cha ukwati wa agogo, 1938.

Ndime 116(2) ya malamulo oyendetsera dziko la Germany, a mu 1949, imabwezera unzika anthu omwe adaulandidwa pazifukwa za ndale, mtundu kapena chipembedzo pakati pa 30 January 1933 ndi 8 May 1945, pamodzi ndi zidzukulu zawo. Ambiri amaganiza kuti Ayuda onse adaulandidwa ndi malamulo a ku Nuremberg a 15 September 1935. Ayi. Malamulo amenewo adawachotsera ufulu wa ndale ndi kuwaletsa kukwatirana ndi Ajeremani ena, koma papepala adakhalabe anthu a dzikolo. Kulanda kwenikweni kudachitika m'njira ziwiri. Pansi pa lamulo la 14 July 1933, boma linkalanda munthu mmodzimmodzi n'kusindikiza dzina lake m'nyuzipepala ya boma yotchedwa Reichsanzeiger. Kenako pa 25 November 1941 kudatuluka lamulo lolanda unzika Myuda aliyense wokhala kunja kwa dzikolo, pamodzi ndi katundu wake.

Msampha uli apa. Lamulo la unzika la 1913 linkati mkazi wa ku Germany akakwatiwa ndi mlendo, unzika wake watha tsiku lomwelo. Ndiye pomwe lamulo la 1941 limafika, agogo adali atautaya kale zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo kwa wogwira ntchito ku ofesi panalibe choti alandidwe. Zoti mtsikanayo sakadapezeka ku Johannesburg n'komwe pakadapanda Hitler, fomu idalibe malo olembapo zimenezo. Chimodzimodzi amuna omwe adatenga unzika wa dziko lina chaka cha 1941 chisadafike. Mafayilo otere ndawaona akubwezedwa, ndipo chomwe chimandipweteka mutu ndi chakuti anthu amabwereranso ndi fomu yomweyo ya ndime 116, atangowonjezera zithunzi ndi kalata yodandaula, n'kukanidwanso pa chifukwa chomwechija.

Khomo lanu ndi lina. Kuyambira pa 20 August 2021, lamulo la unzika lotchedwa StAG lili ndi ndime 15, yomwe idalembedwera anthu ngati agogowa: omwe chifukwa cha chizunzo adataya kapena kusiya unzika pasadafike pa 26 February 1955, kuphatikizapo kudzera mu ukwati ndi mlendo, komanso zidzukulu zawo. Ndime imeneyi ilibe tsiku lotsekera, safuna mayeso a Chijeremani, ndipo salipiritsa. Amalume akunena za lamulo lomwe lidasinthidwa kale. Kukanidwa kwa 2018 sikuyenera kutsekereza pempho latsopano pansi pa ndime ina, koma kalata ija muiphatikizepo, musaibise.

Musadalembe fomu, fufuzani kaye ngati dzina la agogo lidasindikizidwa mu Reichsanzeiger ukwati usadachitike. Ngati lidatuluka, nkhani yabwerera ku ndime 116(2). Pamenepo thandizo ndi chigamulo cha khoti la malamulo oyendetsera dziko la Germany cha 20 May 2020, chomwe chidakulitsa tanthauzo la zidzukulu, chifukwa kale mwana wobadwira m'banja ankatenga unzika kwa bambo basi.

Kuti mupambana sindingalonjeze. Ofesi yoweruza mapemphowa, Bundesverwaltungsamt ku Köln, imafuna unyolo wa zikalata wosaduka: umboni woti agogo adali nzika ya Germany, woti adali Myuda ndipo adachoka nthawi ya chizunzo, setifiketi yawo yaukwati, kenako setifiketi yobadwira ya m'badwo uliwonse mpaka amuna anu. Ku Home Affairs ya South Africa pemphani unabridged birth certificate, chifukwa yaifupi ija sitchula makolo onse awiri. Zakubadwa kwa agogo lemberani ku Standesamt, ofesi ya kalembera wa kubadwa ndi maukwati, kapena kosungira zakale za mzinda wa Frankfurt, ndipo Arolsen Archives amafufuza za ozunzidwa ndi chipani cha Nazi kwaulere. Dzina likalembedwa mosiyana pa zikalata ziwiri, fotokozani nokha m'kalata, asachite kukufunsani pakatha chaka. Ngati pasipoti yakale ya agogo ili m'sutikesi kwa amalume, musalimbane nawo za umwini: apempheni kope lotsimikiziridwa, nlokwanira poyambira.

Pempho limapita kudzera ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Pretoria, ndipo munthu aliyense amalemba lakelake, ana anunso. Inuyo, Mayi, simukulowamo, chifukwa ufuluwu ndi wa magazi, si wa ukwati. Yemwe adagamulidwapo kukakhala kundende zaka 2 kapena kuposerapo pa mlandu wochita dala, ndime 15 imamukana. Germany sidzakuuzani kusiya unzika wina, koma ngati ana ali ndi mapasipoti a Malawi, funsani kaye ku Immigration za kalembera wa unzika wapawiri. Yankho limatha kutenga zaka. Likabwera lokana, werengani kumapeto kwa kalatayo tsiku lomwelo, pomwe alemba nthawi yotsutsira chigamulo, chifukwa nthawi zambiri imakhala mwezi umodzi wokha.